Masitepe Khumi ndi Atatu pa Msewu wa Lagrange

Chipale chofewa chinagwa usiku wonse mu Toledo.
Bambo anakana kuvala jekete yatsopano,
ati yakale ija ndiyo imadziwa mapewa awo.
Tinakwera masitepe khumi ndi atatu, iwo akuwerenga mokweza,
ine nditakumbatira bokosi la nsapato
lodzaza zaka makumi anayi:
malisiti a msonkho, kalata ya penshoni ya kufakitale ya magalasi,
chikalata cha imfa ya Mayi, chopindidwa kanayi.

Mayi Abernethy, loya wa nkhani za okalamba,
sanapupulume. Anatithirira khofi m'makapu osafanana,
nalemba nambala papepala, n'kulitembenuzira kwa ine.
Madola zikwi zisanu ndi zinayi pamwezi:
bedi limodzi, zenera loyang'ana poimika magalimoto,
namwino wa usiku.
Ine ndimayendetsa basi, koma masamu sanandithawe.
Nyumba imene Bambo anaipenta kasanu ndi manja awo
ingathe kudyeka m'miyezi khumi ndi inayi,
kukhitchini, khonde, mpaka misomali.

"Boma limathandiza," anatero, "koma limayamba lacheuka,
kusanthula zaka zisanu zam'mbuyo.
Pali ndalama imene munapatsa wina?"
Bambo nkhope inawala.
Galimoto ya Tadek, mdzukulu, yofiira ija,
ya tsiku limene anamaliza sukulu.
Tinaomba m'manja tsiku limenelo.
Lero mphatso ija yasanduka funso pafomu,
ndipo kabokosi koyankhira n'kakang'ono.

Kenaka anandipempha kuti ndiyambe ndatuluka.
"Si kuti ndikukukayikirani. Amene ndikuwaimira ndi awa."
Ndinakhala pampando wa m'khonde, manja ali lende,
chitseko chili chopyapyala ngati chikuto cha buku.
Anawafunsa tsiku. Anaphonya.
Anawafunsa mwezi. Anaphonya pang'ono.
"Muli ndi ana angati, Bambo Wojtan?"
"Awiri. Ludwik ali ku Arizona, amaimba foni pa Khirisimasi.
Wina ali panjapo, akudziluma zikhadabo."
Ndinachotsa chala pakamwa.

"Tsiku limene mawu adzakuthereni,
ndani adzakuyankhulireni kubanki, kuchipatala?"
Kunangoti zii, mpaka ndinamva wotchi yapakhoma.
"Halinka. Sachedwa kupsa mtima, koma sanandibereko.
Ndipo mulembe kuti sindifuna mapaipi m'mphuno.
Mkazi wanga ndinamuona. Zakwana."

Mboni zinachokera kwa dokotala wa mano wa chipinda chinacho,
atsikana awiri onunkhira mankhwala.
Dzanja lija, limene linkanyamula galasi lofiira ndi moto
osagwetsa dontho,
linanjenjemera pamzere wa wilo.
Casimir anatuluka bwinobwino.
Wojtan anapendekeka, natsetsereka kumapeto,
koma anafika.
Masiginecha asanu ndi awiri. Chidindo chinagunda kawiri.

Mayi Abernethy sanalonjeze kuti nyumba ipulumuka yonse.
Anati pali njira, zina zopapatiza,
tibwerenso Lachinayi ndi mabuku a kubanki,
ndipo ndimuimbire Ludwik ndisanagone,
poti nkhani yobisa m'bale imadzaphulika pamaliro.

Potsika, Bambo anawerenganso, nafika khumi ndi awiri,
n'kuima, kusakasaka limene lasowa.
"Mayi uja ndi ndani?"
"Loya, Bambo."
"Tamulipira?"
"Tamulipira."
"Ndi munthu. Sanandiyankhule ngati khanda."

M'galimoto anapisa m'thumba la jekete yakale ija,
natulutsa makiyi a nyumba, n'kundiyika pamwendo,
kenaka anawatenganso.
"Za mtengo wa maapozi sitinalembe," anatero.
"Uziudulira mu Malichi. Osadikira masamba."
Ndinaliza injini. Magalasi anachita nthunzi,
ndipo iwo, mwa chizolowezi cha ntchito,
anapukuta mbali yawo ndi mkono wa jekete,
n'kuyang'anitsitsa ngati muli mng'alu.