Magazi Ochapika

Ntchito yanga ndi yochapa magazi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano,
m'chipinda chapansi pa nyumba ya zisudzo ku Halifax,
kumene mapaipi amatsokomola chisanu chikafika,
ndimaviika malaya a mfumu m'madzi ozizira.
Magaziwo ndi shuga ndi utoto. Sachedwa kuchoka.

Usiku uliwonse Alwyn Thackray ankavala chisoti chamalata
n'kupereka msana kwa bwenzi lake la pamtima,
monga sewero lakalelo limalamulira,
ndipo Rufus Holroyd ankabaya
ndi mpeni wobwerera m'chigwiriro chake.
Nsalu ikatsekedwa, wakupha ankadzutsa wophedwa,
n'kumusasa fumbi m'mawondo.

Rufusyo anamutola ndi Alwyn
akukazinga nsomba kuseri kwa siteshoni.
Anamuphunzitsa kupuma, kuima, kudikira,
anamubwereka jekete, jeketeyo sinabwerere.

Ndiye mawu anayamba kumuthawa mkuluyo,
limodzilimodzi, ngati mabatani a malaya akale.
Anauza munthu mmodzi yekha.
Ndinamva chifukwa khoma lathu ndi lopyapyala:
"Ndikasochera, mwanawe, undinong'oneze."
"Musade nkhawa, ndili pambuyo panu."

Miyezi itatu anamunong'onezadi,
milomo osagwedera, ngati wopemphera.

Lachisanu lina mu Novembala
eni nyumbayi anakhala mzere woyamba.
Pakati pa mawu a mfumu panatseguka dzenje.
Alwyn anacheuka pang'ono, khutu lili tcheru.
Rufus anayang'ana nsapato zake.
Zii.
Ndinawerenga mpaka makumi anayi.
Wina anatsokomola. Wina kumtunda anaseka.
Mpeni unabwera pambuyo pake, pa nthawi yake,
koma unapeza munthu atafa kale.

Lolemba anandipatsa chisoti
kuti ndisokeremo kansalu m'kati.
Mutu watsopanowu ndi waung'ono.

Amasewera bwino, ndisaname.
Anthu amaimirira pomuombera m'manja.
Koma ndaona momwe amachitira akafika pamzere uja:
amathamangira, amameza theka,
ndipo popereka msana kwa mnyamata watsopano wa mpeni
mapewa ake amakwera kufika m'makutu.

Alwyn amagula tikiti Loweruka masana,
mpando wakumapeto, pafupi ndi khomo.
Milomo yake imayenda limodzi ndi sewero.
Kumeneko saphonya liwu n'limodzi lomwe.

Malaya a usiku uja ndinawabisa m'kabati.
Zofiira zonse zinachoka ndi madzi oyamba.
Chatsala ndi thukuta la m'kolala,
chikasu, ngati tiyi wotayikira.
Ndayesa sopo, ndayesa mchere, ndayesa viniga.