Powotcherera

Ine ndimawotcherera mageti ku Kalingalinga,
m'mbali mwa msewu, pomwe fumbi la maminibasi
limatera pa penti isanaume.
Za Mulungu sindidziwa zambiri.
Chomwe ndidziwa n'chakuti zitsulo ziwiri zosadziwana,
china cha bedi lakale, china cha lole yogubuduka,
zikalawa moto umodzi
zimakana kulekana.

Tikambenji anabwera Lachinayi,
magetsi atathima kuyambira m'mawa,
ine nditangokhala pachigubu, manja lende.
Amayi ake, aja ankatigulitsa makala,
tinali titawaika ku Chingwere dzana lake.
Abale anagawana mbaula, matiresi, wailesi,
ngakhale ndowa yobooka inapeza mwini.
Mwana yekha ndiye anatsala pakhonde,
nsapato imodzi kumanja.

Esinala sanandifunse.
Anangoteleka madzi,
nasolola kansalu kaja kanagona m'sutikesi
zaka khumi ndi chimodzi,
kudikira ana atatu amene sanalire.

Kutchalitchi anatigwira chanza:
"Mwaona? Ambuye ayankha!"
Ayi, abale, musatero.
Mulungu amene ndimamugwadira
sangaphe mayi wamakala
kuti adzaze nyumba ya wowotcherera.
Imfa ndiyo inathyola.
Iye anangotola zidutswa
n'kuyang'ana uku ndi uku
kuti ndani ali ndi moto.

Kenaka mabenchi a boma.
Miyezi isanu ndi inayi, ngati mimba.
Mayi Hamoonga anabwera kudzayeza chipinda ndi maso,
anasuzumira m'thumba la ufa,
anawerenga zipsera za m'mikono mwanga.
Pafomu panali mzere wofunsa: ndinu ndani wake?
Cholembera chinandilemera kuposa nyundo.

Mkulu wanga anaimba foni ali ku Katete:
"Mwana wa eni akakula amafunsa njira ya kwawo."
Afunse.
Ya basi ndidzalipira ndine.
Chaka chilichonse mvula ikatha
timapita naye kukazula udzu pamanda aja,
ndipo mtanda wachitsulo uli pamenepo
ndinaupanga ndekha, dzina ndinalemba lonse.

Ena amati mwana wa mnzako ngwako yemwe,
namalizira ndi zakudya naye.
Ine ndimaimira pakati pa mwambiwo.
Sindinabzale munda.
Ndani anandilera ine kuti adzadye nane
tsiku lija anandithira madzi pamutu
nanditcha mwana m'nyumba imene sindinabadwiremo?

Pa Khrisimasi ana anachita sewero.
Tikambenji anali nkhosa, thonje m'makutu.
Koma ine maso anali pa kamnyamata kakumbuyo,
kovala thaulo, kopanda mawu oti kanene,
koimira mmisiri wa matabwa uja
amene analera Mwana wosakhala wa magazi ake.
Ndinati chamumtima: mmisiri mnzanga,
kodi nawenso unkadzuka usiku
kukamvetsera ngati akupuma?

Zaka ziwiri ankanditcha "amalume a mageti."
Sindinamukonze.
Usiku ankabisa buledi kunsi kwa pilo,
nsapato ija sankalola kuti itayidwe.
Mpaka tsiku lina magetsi anabwera mwadzidzidzi,
ine phamu, kuthamangira geti la kasitomala,
ndodo m'manja, moto thethethe,
ndipo kumbuyo kwanga kamawu kanang'amba phokoso lonse:

"Atate, magalasi!"

Ndinazimitsa makina.
Anyamata anga anaseka kuti moto wandilowa m'maso.
Ndinawalola.

Pali makasitomala amafuna ndipale msoko,
pasaoneke polumikiza.
Ndimapala, ndalama ndi zawo.
Koma geti la kwathu ndinalisiya choncho,
chipsera chili poyera, chokhakhala, chotupa pang'ono.
Madzulo akamachokera kusukulu
amapitapo ndi chala,
kenaka n'kukankha,
n'kulowa osagogoda.