Saizi Naini

Woyamba kudziwa ndinali ine, osati madokotala.
Ndimasoka nsapato kuseri kwa msika wa Zigwagwa,
ndipo phazi la NyaKanyimbo ndimalidziwa
monga njira ya ku Chiputula magetsi atazima.
Tsiku la ukwati linali sikisi.
Chaka chimene Lusayo analemba Folomu Folo linafika seveni.
Kenako eyiti. Ndinatanula chikopa, ndinaika chigamba,
ndikumuseka kuti ndalama za tomato zatsikira ku zala.
Eyiti itakana, ndinasiya kuseka.

Mphete tinachita kudula ndi pulayala.
Mano anayamba kutalikirana
ngati abale olimbirana munda,
mawu akutsika, akutsikabe,
mpaka a kwaya anamusunthira ku mzere wa kumbuyo.
Ena anati waponda za eni.
Iye ankangoti mutu, mutu,
namanga duku mothina ngati akumanga nkhuni.
Ndiye tsiku lina pa Katoto, kopanda nkhungu n'komwe,
sakaramento inamugunda kuchokera m'mbali.
Sindinaione, anatero.
Dziko ndikuliona ngati ndasuzumira mu paipi.

Ku chipatala chachikulu tinakhala pa benchi
ndi bambo wocheka matabwa ku Chikangawa.
Gogo la paini linamugwera pamsana,
miyendo ilipo koma siyankha akaiitana.
Ankatsina ntchafu yake n'kumatiyang'ana,
ngati ife ndife timve kuwawako.

Dokotala Simfukwe, mtsikana wa msinkhu wa Lusayo,
anatenga dzanja la mkazi wanga n'kulitembenuza
mmene ndichitira ndi nsapato ya kasitomala
pofufuza pomwe yadyeka.
Anapempha chithunzi cha ukwati wathu.
Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nsagwada,
osanena kanthu.

Patapita masabata anatiloza pa galasi.
Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno,
pali kanthu konga nandolo,
kokhala pa kampando kake ka fupa.
Ndiko kamauza thupi kuti kula,
ndiko kamadziwa kuti basi, zakwana.
Kanu kamera chotupa, anatero, kaiwala mawu oti basi,
ndipo katsamira pa mphambano ya mitsempha ya maso.

Nandolo? Zaka zonsezi, nandolo?

Kenako anatulutsa pepala la kafukufuku.
Tikuwerenga anthu onga inu,
tidziwe zaka zimene zimatayika munthu asanafike pano.
Mukhoza kukana, thandizo silisintha.
NyaKanyimbo anasaina, cholembera chikusowa m'zala.
Funso lachitatu: zinayamba liti?
Anandiyang'ana. Sankadziwa.
Ndani amalemba tsiku limene nkhope yake inayamba kuchoka?

Ine.
M'mawa mwake, mvula yowaza ija ikunyowetsa khosi,
ndinabwera ndi kope langa la ngongole
lonunkha guluu ndi polishi.
Pakati pa soli ya aphunzitsi ndi lamba wa apolisi
panali mizere yanga yokhota:
mayi a kunyumba, kutanula, sanalipire.
Mayi a kunyumba, chigamba, sanalipire.
Zaka zisanu ndi zinayi, deti ndi deti.
Dokotala anakopera zonse.
Kope la wosoka nsapato lalowa mu kompyuta.

Kalata yotitumiza ku Blantyre ili pansi pa Baibulo.
Akuti sadzaswa chigaza, adzalowera m'mphuno,
njira yomwe imadutsa fungo la mvula.
Mutu ukhoza kuleka. Maso mwina adzatambasuka.
Koma fupa likakula silibwerera,
anatiuza mosabisa.

Ndiye usiku uno ndayatsa tochi ya foni,
ndaika phazi lake pa katoni, ndalizunguliza ndi pensulo.
Akuseka, akuti zikumugirigisha.
Chikopa ndagula chabwino, cha ngongole.
Singano ikulowa, ikutuluka.
Malo okulira sindisiya.