Ndani Adutse Kaye

Lachiwiri lapitali, mu ofesi yathu pa Kamwendo,
nkhope ya mayi wa ku Nairobi inauma pa sikirini,
kukamwa kuli yasa,
mtengo wa mtedza utakanirira pakati pa mano.
A Chimphamba anamenya laputopu ngati wailesi yotha mabatire.
Mawu anabwera oduka mitu,
"...ngati simu... chinyezi... sabata ya..."
kenako zii.
Kuseri, matumba mazana asanu ndi limodzi ali chete, kudikira.

Ndiye anandiitana ine, Ledisoni wa mawaya,
amene dzina langa limakumbukika zinthu zikafa.

Ndinati bwana, mlatho wathu ndi umodzi, wopapatiza,
koma onse akufuna kuoloka nthawi imodzi:
mpira wa dzulo umene mlonda akuonera ku geti,
malisiti a akauntanti,
kwaya imene Nasilina akutsitsa chiyambire m'mawa,
ndi mafoni makumi awiri a pakhonde
amene anadziwa pasiwedi kalekale.
Rauta sadziwa mkulu, sadziwa mwana.
Wafika, wafika.

Komatu liwu si thumba.
Thumba likagona pa boda masiku atatu
limafika lili thumba.
Liwu likachedwa kuphethira kumodzi kokha
limafika litafa.

Lachinayi usiku ndinakhala pansi ndi kabokosi ka maso obiriwira
n'kukaphunzitsa tsankho.
Mawu patsogolo, ngati ambulansi.
Nkhope pambuyo pake.
Makalata ndi malisiti, bakhalani apo, simuola.
Zithunzi, mpira, kwaya ndi abale anu onse,
kumchira, muzidya zotsala.
Ndinalemba ndekha lamulolo, udzudzu ukundichitira umboni.

Lachisanu, teni koloko.
Mayi uja anatuluka wathunthu, ndolo zikugwedera,
tinamva mpaka supuni ikugunda kapu yake.
A Chimphamba anafikisa mtedza pamaso pa kamera,
timakoko tofiira tikugwera pa kiyibodi.
Anakambirana za chuku, za sikelo, za tsiku la thiraki.
Palibe liwu limene linagwera m'madzi.

M'thumba mwanga foni inanjenjemera.
Alamu, ali ku chipatala ku Kapiri,
kumene mlongo wanga Mwatitha analowa dzulo atagwira msana.
Chithunzi.
Kabwalo kakuzungulira pakati pake.
Data ndi mayunitsi zinandithera Lolemba,
ndiye ndinali pa mlatho womwewo,
kumchira kumene ndinadziika ndekha.

Kabwalo kakuzungulirabe.
Utsi wokhawokha, uku kofiirira, uku koyera.
Mwina thewera.
Mwina nsalu ija amafunditsa mpaka kumaso.

Ndikanatha.
Kompyuta inali apa, pasiwedi ili m'mutu,
mzere umodzi wokha wofuna kufufuta.
Ndinasuzumira pawindo:
azimayi ali chiweramire pa malichero, akusankha mtedza,
malipiro awo a miyezi iwiri
ali m'kamwa mwa mlendo wa pa sikirini.
Ndinabisa manja m'khwapa.

Mphindi khumi ndi zinayi.
Ndinaziwerenga pa wotchi ya kukhoma, yomwe imathamanga.

Atatsazikana, a Chimphamba akuomba m'manja okha,
mlatho unatseguka, a kumchira onse anakhamukira,
mlonda anakuwira chigoli cha dzulo,
kwaya ya Nasilina inafika pa ameni,
ndipo utsi uja unayera:
kankhonya,
kachipewa koluka kotsetserekera pa khutu,
Mwatitha ali wefuwefu, akuseka ndi diso limodzi.

Bwana anandigwira phewa.
Wachita matsenga anji, iwe?
Ndinati palibe, ndangouza zina kuti zidikire.

Anandipatsa mtedza wodzaza dzanja, wa m'mbale ya chitsanzo.
Ndinauthira m'thumba la malaya
n'kuoloka msewu wa ku boma, pakati pa akabaza,
kukakongola mayunitsi kwa Filimoni wa pa ambulera,
kuti ndifunse ngati ndi wamkazi.