Tsamba Lomaliza

Bokosilo Mwandida analitola pa kaunjika wa ku Wolverhampton,
mapaundi atatu, chivundikiro chomata ndi selotepi.
Lachisanu usiku, kamvula kopanda bingu kakunyambita zenera,
tinalitsegula pa tebulo la kukhitchini,
lija timalichirikiza mwendo ndi kalata ya kukhonsolo.

M'katimo munali mapu a tauni ndi mtsinje wake,
makadi, madayisi awiri, timatumba ta mchenga,
ndi tianthu tisanu. Ife tinalipo asanu ndi mmodzi.
Lonjezo anathothola batani pa yunifolomu yake
nati, "Ine ndine uyu."

Kabuku ka malamulo anandipatsa ine,
poti ndinagwirapo choko ku Ntcheu.
Masamba khumi ndi awiri, zilembo ngati linthumbu pa ulendo.
Ndinawerenga awiri. Ganizani anayasamula.
"Kodi bawo tinaphunzira ndi buku?
Ponyani dayisi, njira tiidziwira kumapazi."

Ndiye tinayamba.
Zione anaunjika mchenga wonse pakhomo pake.
Callum wa chipinda chapamwamba ananditsekera mlatho
uku akuti "pepani, pepani,"
Chichewa chokhacho chimene tinamuphunzitsa.
Lonjezo anasuntha batani kawiri, ati sitikuona.
Liwu limodzi tinalikanganirana mpaka tiyi kuzizira,
mafoni atatu akumasulira zosiyana.
Khadi lililonse tikavundukula, madzi ankakwera.
Msika unamira.
Chipatala chinamira.

Pofika leveni koloko, tauni yonse ili phwamwamwa,
Ganizani anafunsa, "Nanga wawina ndani?"
Ndinamatula tsamba lomaliza,
lomatana ndi jamu wa ana a eni ake akale.
Ndinawerenga chamumtima, kenako mokweza:
pano palibe wopambana yekha.
Mdani ndi madziwo.
Mupulumuka nonse, apo ayi mumira nonse.

Zii.
Firiji yokha ikung'ung'udza pakona.
Zione anayang'ana mulu wake wa mchenga,
wouma gwa, pakati pa chigumula,
naseka mpaka kupukuta maso ndi mkono wa juzi.

Lonjezo anali ndi shifiti ya sikisi m'mawa,
ndipo basi yoyamba sidikira munthu.
Anayang'ana wotchi. Anayang'ana batani lake
lili m'madzi pafupi ndi siteshoni.
"Gawaninso makadi," anatero.
"Koma aphunzitsi, ulendo uno muwerenge onse,
Ganizani timupatse bisiketi atseke pakamwa."