Fakitale Yabwerera ku Doornfontein

Amati chakudza sichiimba ng'oma.
Iyi inabwera ndi ng'oma, ndi tenti yoyera,
ndi riboni yofiira yodulidwa ndi sizasi yaitali ngati mkono wanga.
Ine ndinali pageti, kapusi kumutu,
kulozera magalimoto a alendo poima.

Pakhomo lomweli, zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo,
tinkalowa anthu mazana asanu ndi awiri
belu lisanalire.
Ine pamakina omata soli,
Thembekile pazikopa,
Mlauzi wa ku Ntcheu podula ulusi, mluzu osachoka pakamwa.
Fungo la guluu linkatilondola mpaka m'sitima
ndipo anthu ankasendera, ife n'kukhala motakasuka.

Nsapato zimenezo zinandigulira malata makumi atatu ku Balaka.
Zinaphunzitsa Tiyanjane mpaka folomu folo.
Dzino langa litabooka ndinangoonetsa khadi,
dokotala n'kulizula osafunsa za m'thumba.
Disembala ankabwera ndi malipiro awiri.

Kenako makontena anayamba kutsika ku City Deep,
nsapato zotchipa kuposa chikopa chomwe tinkadula.
Makina athu anawamasula sabata imodzi,
pansi n'kutsala mabowo a mabawuti.
Munalowa nkhunda. Kenako tchalitchi. Kenako nkhunda.

Lero akuti yabwerera kwawo.
Kuno ku Joni maloboti tinkadziwa a pamsewu okha,
koma ndaona ndi maso angawa:
mikono isanu ndi umodzi yachikasu m'khola lagalasi,
yosatuluka thukuta, yosapempha tchuthi cha maliro,
kutola, kupaka, kumata, kuika,
ndipo magetsi a mzinda akazima
iyo ili ndi dzuwa lakelake padenga.

Anthu alimo, ndisaname: makumi anayi ndi mmodzi.
Ndimawawerenga m'buku la pageti m'mawa uliwonse.
Mnyamata wina, Kagiso, amayenda ndi kompyuta m'khwapa.
Amandipatsa moni ndi manja awiri.
Wagulira mayi ake firiji ku Tembisa, wandionetsa chithunzi,
ndipo ndinakondwa naye, zoona ndinakondwa.
Iyeyo ndi ine wakale uja,
kungoti ali yekha pomwe tinali chigulu.

Lolemba mzere unakhota mpaka ku End Street,
maenivelopu akhaki atagwiridwa pachifuwa ngati makanda.
Thembekile anali momwemo, imvi atazidetsa ndi mankhwala.
Anandiyang'ana. Ndinayang'ana buku.
Pepala la pakhoma linkafuna satifiketi
yomwe dzina lake linatikanika tonse awiri kutchula.
Wina kumbuyo anakuwa kuti ntchito adya ndi obwera,
ndipo ndinameza Chichewa changa chonse
chala chikundiyabwa kuti ndimulozere khola lija.

Tiyanjane waimba foni: ababa, tamva,
ndiye kuti mwabwerera pamakina?
Ndati mwanangu, fodya wako ndi amene ali pamphuno,
wapachala ngwamphepo.
Sindinamuuze kuti ondilemba ndi kampani ina
yobwereketsa alonda, miyezi itatuitatu,
ndi kuti dzino lachiwiri ndikulitonthoza ndi mchere.

Usiku ndikamazungulira ndi tochi
ndimawapeza mabowo aja. Anawatseka ndi simenti yatsopano
koma mtundu wake sunagwirizane ndi yakale.
Anayi, pafupi ndi chipilala chachitatu.
Apa ndi pomwe ndinkaima.
Ndimaimapo pang'ono, ndi jombo zomwe anandipatsa,
zomwe tsiku lina ndinazitembenuza kuti ndione soli,
poti dzanja siliiwala:
nazonso zinabwera pakontena,
ndipo womata wake anathamangitsidwa, guluu wachepa kuchidendene.
Kaya ndani, kaya ali kuti,
kaya iyenso amawerenga malata.

Kuseri kwa galasi mikono ikupitiriza mumdima,
nyale siifuna.
Ndimatsegula buku, ndimanyambita pensulo,
ndimalemba: 2:15 usiku, zonse zili bwino.