Kabuku ka Miyeso

Sanasiye chithunzi.
Anasiya makina osokera, sizasi yothyoka nsonga,
ndi kabuku ka miyeso kodyedwa ndi njenjete
kamene ndakapeza lero pansi pa sutikesi, kuno ku Ndirande.

Disoni Namakhwa, telala wa pakhonde
la sitolo ya Mmwenye ku Limbe.
Anawoloka Ruo ali kumsana kwa amayi awo
pothawa chikoti cha Apwitikizi,
n'kupeza thangata likuwadikira tsidya lino.
Khasu analikana. Anatola singano.

Tsamba loyamba: malaya khumi ndi awiri
a anyamata opita ku nkhondo ya azungu,
oti adzatchene pobwera.
Asanu sanabwere kudzatenga.
Mayina awo agogo sanawafufute.

Chaka cha njala, fote naini,
mulibe chovala chatsopano ngakhale chimodzi.
Bweza chiuno. Bweza chiuno. Bwezanso.
Buluku la a Chikopa linabwera katatu.
Kachinayi linabwera m'manja mwa akazi awo,
akufunsa ngati lingagule mbale ya madeya.

Malichi uja wa fifite naini,
magalimoto a asilikali akutola anthu mbandakucha,
anasoka chitseko chili chotseka, nyali ataitsitsa.
Anaika chigamba pa jekete la mphunzitsi wina
lobooka pansi pa phewa.
Pamalo a mtengo analemba: ayi.

Ufulu unabwera ndi nsalu zitatu,
yakuda, yofiira, yobiriwira.
Anapalasa makina mpaka akakolo kutupa.
Zidutswa zotsala zinasanduka diresi la amayi anga.
Ndalama zitasintha dzina
iwo anangopitiriza kulemba masheleni.
Lamulo litati bondo la mkazi lisaoneke
anamasula mipendero ya Limbe yense,
mapini ali kukamwa,
ndipo ndi mapini kukamwa munthu sayankhula zandale.

Nkhondo inawadutsa, njala inawalambalala,
ndende sinawadziwe dzina.
Chinawachotsa pakhonde ndi mabelo a kaunjika
otsegulidwa m'mawa pamsika,
malaya ofika atasokedwa kale
pa miyeso ya anthu osawadziwa.

Tsiku la riferendamu ndinawagwira dzanja
kutsika Ndirande, maso atachita ng'ala,
atavala suti yodzisokera okha.
Sanandiuze bokosi lomwe anaponyamo.
Pobwerera anangogwira kolala ya shati yanga
n'kunena kuti wosoka uyu anali pachangu.

Mvula ya chaka chotsatira sanaione.

Ndatsegula tsamba lomaliza.
Zilembo zikutsetsereka, dzanja linali litayamba kunjenjemera.
Pali dzina langa, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi:
chifuwa, mkono, utali wa kabudula.
Munsi mwake, ndi pensulo yosasongola,
anadzilembera okha chikumbutso:
siya malo, akula.